Aphunzitsi a Mwale ndi Tsamba Lachiwiri la Kalata

Aphunzitsi a Yelemiya Mwale tinawaika m'manda Lachinayi lapitali, mvula yoyamba isanagwe. Olalika ananena zonse zoyenera kunena: kuti anaphunzitsa ana a midzi yonse yozungulira Nsaru, kuti mowa sankaudziwa, kuti kutchalitchi sankajomba. Zonsezo n'zoona. Koma ine Esinati Nabanda ndinakhala pakati pa amayi anzanga ndikudikira kuti wina atchuleko za kalata ija, ndipo palibe anatchula. Mwina anaona kuti si nkhani ya pamaliro. Chabwino, ndiinena ineyo, chifukwa pakadapanda munthu ameneyu bwenzi ndikutchedwa mfiti mpaka lero.

Ana a masiku ano anawadziwa atakalamba, akuyenda ndi ndodo, ndipo ankadabwa ndi chinthu chimodzi. Nthawi zonse akakumana nane, kaya pamsika kaya panjira ya kudimba, ankavula chipewa n'kuphimba nacho kumaso.

"Musandiyang'ane, Anabanda, ine moyo ndikadaufuna!"

Ine ndinkawayankha kuti nkhalamba ngati iwo sindingatayirepo muvi wanga. Tinkaseka, iwo n'kupisa dzanja m'thumba la jekete, n'kundipatsa mtedza wokazinga. Mdzukulu wanga anandifunsapo ngati agogo aja mutu ukuwayenda bwino. Unkayenda bwino kuposa wa tonsefe.

Anali munthu wamfupi, wamawu aakulu osayenerana ndi thupi lake. M'masiku a chitaganya, ndili mtsikana, ankavala kabudula wa khaki ndi masokosi ofika m'mawondo, pensulo ili kukhutu ngakhale pa Sabata. Kuyamikira mwana kunkawavuta ngati kuzula dzino. Ukawerenga bwino ankangoti "pitiriza," ndipo tinkadziwa kuti pamenepo ndiye tayamikiridwa. Chimene ankadana nacho kwambiri chinali kuwerenga kwa pakamwa pokha. Ankati mwana wotchula mawu osawaona m'maganizo angachite bwino kupita kukaweta mbuzi, chifukwa kumeneko adzayang'anako chinthu.

Anali ndi buku limodzi limene sankabwereketsa munthu. Linali lachikuto chofiira, chiswe chitadya m'mbali, ndipo ankalikulunga m'kansalu ka malemu akazi awo, Anambewe. Anawapatsa ndi dona wina wokalamba amene ankawaphunzitsa kusukulu ya uphunzitsi. Munali ndakatulo zachikondi za ku Mangalande wakalekale, mfuti zisanabwere, amuna akumenya nkhondo ali pa akavalo atavala zitsulo thupi lonse. Chingerezi chake chinali chokalamba moti ngakhale mzungu woyendera sukulu, tsiku lina atawadzudzula kuti zimenezi si za pa ndondomeko ya maphunziro, anapatsidwa bukulo kuti awerengeko mzere umodzi, ndipo anapunthwa kawiri. Anabweza bukulo, n'kufunsa za zimbudzi za sukulu.

Lachisanu masana, ntchito yamanja ikatha, ankakhazika anyamata a Sitandade 5 ndi 6 pansi pa mtengo wa mbawa n'kumawamasulira ndakatulozo mzere ndi mzere. Ife atsikana ambiri tinkalekera Sitandade 3, ndiye tinkangomvera kutali tikusesa. Nkhani yake inali imodzimodzi. Mwamuna waona mkazi wapamwamba, mwana wa mfumu kapena mkazi wa mfumu amene, woti sangamufikire. Ndiye m'malo motuma ankhoswe, wayamba kulira ndi mawu okoma. Aphunzitsi ankawerenga akugogoda bondo ndi chala kuti anyamata amve mayendedwe a mzere. Ankati alakatuli onsewo ali ngati amisiri omanga nyumba, aliyense amanyamula zida zomwezomwezo, ndipo luso lili pa kagwiridwe. Chida choyamba ndi muvi wochoka m'maso a mkazi n'kulasa mtima wa mwamuna. Chachiwiri ndi matenda opanda sing'anga. Ankawauza kuti munthu akakokomeza chonchi sikuti akunama, koma kuti mawu a tsiku ndi tsiku amuchepera.

Mdani wawo wamkulu pa nkhani ya bukuli anali a Sitefano, mkulu wa mpingo. Awiriwa anakangana zaka zambiri, koma ankadyera mbale imodzi pa maukwati. A Sitefano ankati zimenezo ndi nyimbo za chigololo zovala jekete. Aphunzitsi sankakana zonse ayi. Ankavomera kuti amuna a m'bukumo ndi aulesi, amalira pansi pa zenera la mkazi wa mwini chaka chonse, khasu osaligwirapo, ndipo kuno kwathu apongozi akadawapirikitsa chimanga chisanamasule. Koma ankati mnyamata amene waphunzira kuika mkazi pamwamba ndi mawu amayamba waganiza asanamukwezere dzanja. A Sitefano ankangopukusa mutu, n'kunena kuti tsiku lina bukulo lidzabala mlandu.

Linabaladi, ndipo mlanduwo unagwera ine.

Mmodzi mwa anyamata a pansi pa mbawa anali Filimoni, mwana wa Anaphiri a kutsidya kwa dambo. Atamaliza Sitandade 6 anapita ku Halale kukagwira ntchito yoperekera zakudya m'hotela. Ine ndi iye tinali tisanayankhulanepo zambiri. Anandisenzetsapo dengu la mtedza pamsika kamodzi, basi. Nthawi imeneyo ndinali m'kalasi ya ubatizo, nditatsala pang'ono kubatizidwa.

Munthu wina wobwerera kumudzi anabwera ndi makalata awiri ochokera kwa Filimoni, ina ya amayi ake, ina yanga. Mwaulesi wake anakasiya onse awiri kwa Anaphiri. Iwo pokhala osadziwa kuwerenga anapita nawo kwa a Sitefano Sabata, mapemphero atatha, anthu akadali pabwalo. A Sitefano anawerenga yoyamba, yonena za bulangete limene Filimoni adzatumize. Kenaka anang'amba envulopu yachiwiri osayang'ana dzina, n'kuyamba kuwerenga mokweza.

Kalanga ine! Munali mawu oti Nabanda wandilasa ndi maso ake tsiku la pamsika lija, ndipo muviwo ukadali mumtima. Sindikudya, sindikugona. Thupi likutentha ngati moto, nthawi yomweyo ndikunjenjemera ndi chisanu. Madokotala onse a ku Halale sangandichize, mankhwala ali ndi iye yekha amene anandilasa, ndipo akapanda kundimvera chisoni mudzamva kuti ndafa.

Anaphiri anadzigwetsa pansi. "Mayo ine, mwana wanga! Amulodza!"

A Sitefano anapinda kalatayo pomwepo. Pofika mawa lake nkhani inali m'kamwam'kamwa. Kuchitsime amayi anasuntha mitsuko yawo nditafika. Kamwana kena kamene ndinkakabereka tsiku ndi tsiku kanakokedwa ndi amake, n'kuuzidwa kuti kasandiyang'ane kumaso. Chimene chinaipitsa zinthu n'choti agogo anga aakazi, amene anali atangomwalira kumene, ankanong'onedwa kale kuti ankadziwa zitsamba, ndiye anthu anati mdzukulu walandira nsupa. Amayi anga analira. Amalume anangokhalira kununkhiza fodya masiku awiri. Kunabwera uthenga woti Lachitatu m'mawa nkhani ikakambidwa kutchalitchi, ndipo ndikapezeka wolakwa andichotsa m'kalasi. Kuchotsedwako sikunkandiopsa kwambiri ngati dzinalo. Mtsikana wopha ndi maso, angamufunsire ndani? Ndinali ndi mantha, ndipo ndinali ndi mkwiyo ndi Filimoni woti ndikadamuona ndikadamuswa ndi munsi.

Lachitatu lija tinakhala pamthunzi kuseri kwa tchalitchi, amuna uko, akazi uku, ine pakati pa mphasa ndekha. A Sitefano anawerenganso mawu aja. Anaphiri ankasisima. Ndiye tinangoona Aphunzitsi akubwera, choko chili m'manja ndi m'tsitsi, buku lawo lili kukhwapa. Anali atasiya ana m'kalasi, chinthu chimene sanachitepo.

Anapereka moni kwa akulu, n'kukhala pa njerwa. "A Sitefano, kodi kalatayo ili ndi masamba angati?"

"Awiri."

"Lachiwirilo mwawerenga?"

"Ayi. Loyambali landikwana. Sindingadetse maso anga kawiri."

"Mwachita bwino. Musalitsegule. Ine kalatayo sindinaigwirepo, eti? Nonse ndinu mboni. Ndikuuzani zimene zili patsamba lachiwirilo."

Aphunzitsi anayamba kuwerenga pa zala. Anati mnyamatayo anena za mbalame zoimba m'mawa, mitengo ikuphuka, aliyense akukondwa kupatula iye yekha. Anena kuti mtima wa mtsikanayu ndi wouma ngati mwala, ndipo amakhala m'nyumba ya malinga aatali yosafikirika. Ayamikira tsitsi lake. Adzitcha kapolo wake. Pomaliza apempha kuti asauze munthu aliyense, ndiponso kuti amutumizire kanthu kakang'ono koti azisunga pachifuwa, mwina kampango.

"Tsopano tsegulani."

A Sitefano anatsegula monyinyirika, n'kuyamba kuwerenga. Mbalame zinalimo. Mwala unalimo. Atafika pa nyumba ya malinga aatali mawu awo anayamba kuchepa, ndipo atafika pa kapolo anaima, n'kuyang'ana Aphunzitsi pamwamba pa magalasi. Kampango kanali pa mzere womaliza.

Munthu wina kumbuyo anati, "Ogo! Kani Aphunzitsi nawonso amaombeza?"

Apa ndiye anapsa mtima. "Kuombeza chiyani! Ndine amene ndinamuphunzitsa mwana ameneyu, ndipo ndikuchita manyazi." Anamasula kansalu kaja, n'kutsegula buku. Anamasulira ndakatulo imodzi, kenaka ina, kenaka ina. Uyu walasidwa ndi maso, uyonso walasidwa ndi maso, wachitatu akutentha ndi kuzizidwa nthawi imodzi. "Amuna onsewa anafa zaka mazanamazana zapitazo, kutsidya kwa nyanja. Kodi Nabanda anawalodza liti? A Sitefano, tawerenganinso paja pa tsitsi."

A Sitefano anawerenga kuti tsitsi lako lalitali ngati ulusi wa golide likugwera m'mapewa.

"Nabanda, tavula duku."

Ndinavula. Tinali titangometa maliro a agogo, ndiye mutu unali mbee. Ngakhale ndisanamete, tsitsi langa silinafikepo ndi pakhutu pomwe. Amalume ndiwo anayamba kuseka, chiseko chotsamwa ndi fodya, kenaka bwalo lonse linagwa nacho. Wina anakumbutsa kuti malinga aatali a kwathu ndi mpanda wa mapesi umene mbuzi zimalowa popanda kuwerama. Aphunzitsi sanaseke. Anati iwo anaphunzitsa mwanayo kuona, koma iye waphunzira kukopera, ndipo akadayang'ana bwino akadalemba za mpata wa m'mano mwangamu, umene uli pompano ndipo aliyense akuuona.

Koma Anaphiri sanaseke nawo. Anadikira phokoso lithe, n'kunena motsitsa mawu, "Aphunzitsi, za mabuku ine sindizidziwa. Ndiuzeni chimodzi. Mwana wanga akudwala kapena sakudwala?"

Ndinaona nkhope ya Aphunzitsi ikusintha. Anatseka buku, n'kuchoka pa njerwa paja, n'kukanjuta patsogolo pawo. Tonse tinkadziwa kuti amuna a Anaphiri anapita ku Joni Filimoni ali wakhanda, ndipo anatchona.

"Mayi, ine ndimadutsa kwanu popita kudimba. Ndimakumvani mukusinja. Kodi si inu mumaimba pamtondo kuti mukadziponya mu Bua chifukwa bambo ake a Filimoni anakuiwalani?"

"Ndine."

"Mwaimba zaka zingati? Tinapitako ku Bua kukakuvuulani?"

"Aaa, Aphunzitsi, imene ija ndi nyimbo."

"Iyinso ndi nyimbo, mayi. Koma tandiuzani, mukamaimba muja mumakhala mukunama?"

Anaphiri anati, "Sindinama. Zimawawa."

"Nayenso sakunama. Zikumuwawa, koma sakufa. Taonani zilembo zake, zaima mowongoka pa mzere, ndipo wajambula ndi maluwa m'mbali. Wodwala sajambula maluwa. Inu mukuopa kuti ku Halale kudzamumeza monga ku Joni kunameza bambo ake. Kalata iyi ikunena kuti mtima wake uli kuno. Khotekhote n'ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Mtsikana amene mukumutcha mfitiyu ndi amene akubweretsereni mwana wanu kumudzi."

Anaphiri analira, koma kulira kwake kunali kwina. Ine ndinalira nawo, duku lili m'manja.

A Sitefano sakadalola kuti nkhani ithe iwo osanenapo kanthu. Anati za ufiti zagwa, koma kulembera mtsikana mobisa, kulumpha ankhoswe, kumuuza kuti asauze makolo, si mwambo wathu ndipo si chikhristu. Tinkayembekeza mkangano, koma Aphunzitsi anavomera. Anati pamenepo a Sitefano alasa, ndipo ndi pamene iwonso amasiyanirana ndi buku lawo. Kenaka anatembenukira kwa amalume.

"Mwini mbumba, mwamva nokha. Mnyamata walemba ndi dzanja lake kuti ndi kapolo wa mwana wa mlongo wanu. Azungu a m'bukumu amanena zimenezo n'kukagona. Kuno tili ndi munda. Mugwireni pa mawu akewo."

Ndiye anachita chinthu chimene panalibe amene anachiganizira. Anandifunsa ine. "Nanga iwe Nabanda, ukumufuna wolemba zabodza za tsitsiyu?" Ine ndinkangolemba pansi ndi chala chakuphazi. Koma madzulo ake ndinapatsa amalume kampango kanga koluka m'mbali, ndipo iwo anakapereka kwa Aphunzitsi.

Kalata ija inabwerera ku Halale itachongedwa ndi inki yofiira, ngati ntchito ya m'kalasi. Pa tsitsi la golide anadula mzere. Pa nyumba ya malinga analemba kuti wanama. Pamwamba anaika malikisi anayi pa khumi, ndipo pansi anawonjezera kuti kapolo weniweni amabwera ndi ankhoswe, khasu lili paphewa. Kampango kanali mkati. Filimoni anafika chaka chotsatira nthawi yososa, wonenepa bwino, wopanda ndi chimfine chomwe. Analima munda wa amayi anga mpaka matuza anaphulika, ndipo amalume akamadutsa ankamufunsa ngati muvi uja ukadalimo. Amene anatchula dzina langa pa mndandanda wa obatizidwa anali a Sitefano omwewo. Anaphiri anabwera kwathu ndi nkhuku, osanena zambiri, ndipo atakhala apongozi anga tinakhala bwino mpaka imfa yawo.

Za chikondi cha Aphunzitsi eniake, palibe anamvapo mawu okoma akutuluka pakamwa pawo. Kwawo kunali ku Mpingu, kuno anabwera chikamwini. Anambewe anamwalira adakali wamng'ono, osasiya mwana. Maliro atametedwa, abale a mkazi anawasudzula monga mwa mwambo, kuti ali omasuka kubwerera kwawo n'kukakwatiranso. Iwo anathokoza, n'kupempha kuti awalole kupitiriza kulima kamunda ka mtedza ka malemuwo chaka chimodzi chokha. Chaka chimodzicho chinatha sabata yathayi. Ndinawafunsapo tsiku lina, tonse titakula, chifukwa chake sanachoke. Anandiyankha mokalipa kuti nthaka ya ku Mpingu siyanjana ndi mtedza. Aliyense amadziwa kuti imayanjana nawo bwinobwino.

Sanali munthu wophweka ayi. Anamenyapo ana ndi rula chifukwa cha zilembo zopendama, ndipo ena sanawakhululukire. Atapuma ntchito ankakhala pakhonde n'kumaitana aliyense wodutsa ndi buku kuti awawerengere, akaphonya n'kumudzudzula ngakhale ali bambo wa ndevu. Anyamata ofuna kulembera atsikana ankabwera mozemba kudzapempha mawu, ndipo iwo ankakana kuwapatsa ngakhale limodzi. Ankawauza kuti apite akamuyang'ane kaye mtsikanayo, akabwere atapeza chinthu chimodzi chimene ali nacho iye yekha. A Sitefano atamwalira, anakhala mwezi wathunthu osatsegula buku lija. Anati latha kukoma popeza palibe wolitsutsa.

Dzulo ndinapita kunyumba kwawo kukathandiza kusesa. Mvula inali itagwa m'mawa, yoyamba ya chaka chino. Mpando wawo wachikopa anautenga adzukulu a ku Mpingu, koma pakhonde pakadali timaenje tinayi pamene miyendo yake inkaima, ndipo pakhoma pali banga lakuda pamene ankatsamiritsa mutu. Makoko a mtedza akadali m'ngodya. Anamzeze amanga chisa chawo pa phaso monga chaka chilichonse, akulowa ndi kutuluka osaopa kanthu. Buku lija analisiyira sukulu, koma kansalu kake anati tiwaike nako, ndipo tinatero.

Nditayang'ana kuseri kwa nyumba ndinaona munthu m'kamunda ka Anambewe. Anali Filimoni, imvi mbuu, msana wopindika, akuunga mizere pang'onopang'ono. Palibe anamutuma. Ndinamuitana kuti, "Inu, kodi munda umenewo mukulimira yani?" Anaweramuka, n'kupukuta thukuta ndi kampango kakale kothetheka m'mbali, n'kunena kuti mtedza ukufunika kudzalidwa sabata ino, nthaka ikadali yonyowa. Ndinaimika tsache pakhonde, pafupi ndi timaenje tija, n'kupita kunyumba kukatenga mbewu.